Matumba osalowa mpweya: zaka zitatu ndikusungamo mbewu za agogo

Ndili ndi mitundu 11 ya mbewu imene sindinagule m'sitolo: inayi ya nyemba, iwiri ya khobwe, iwiri ya mapira, nzama, mawere ndi chimanga cholimba cha maso ofiira. Yambiri ndinailandira kwa agogo anga aakazi, ina ndinasinthana ndi alimi anzanga. Panalinso wa nambala 12, khobwe wamawangamawanga wocha msanga, koma anankafumbwe anamudya yense chaka china. Nditatsegula chitini ndinapeza ufa ndi makoko obooka basi. Ndafunsa kwa anthu ambiri, khobwe ameneyo sindinamupezenso. N'chifukwa chake ndinagula matumba osalowa mpweya, ndipo tsopano ndawagwiritsa ntchito zaka zitatu.

Thumba lake lili patatu. Mkati muli mapepala awiri a pulasitiki okhuthala, kunja kuli saka yoluka ngati ya masiku onse. Mumathira mbewu, kufinya mpweya kuti utuluke, kupotokola pakamwa pa pepala lamkati, kupinda ndi kumanga. Kenako mumanga lachiwiri palokha, lakunja palokha. Mankhwala simuthira. Tizilombo totsekeredwa mkatimo timapuma mpweya wa okosijeni umene watsala mpaka kuutha, kenako timasiya kudya ndi kuswana, n'kufa. Nzeruyi inachokera kwa akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America, amene ankafufuza njira zosungira khobwe ku Cameroon, ndipo matumba a mtundu wawo amadziwika ndi dzina loti PICS. Masiku ano opanga matumba otere alipo angapo.

Pa nkhani ya anankafumbwe, ndilibe dandaulo ngakhale limodzi. Chaka choyamba ndinatsekamo khobwe amene anali atayamba kale kugwidwa. Patatha miyezi isanu ndi umodzi ndinamasula. Pansi pa thumba panali tizilombo takufa touma, khobwe ali wosalala ngati tsiku lija ndinamuika, wopanda fungo la mankhwala. Ndinawerenga njere 20, ndinazikulunga m'kansalu konyowa, ndipo pa tsiku lachisanu 18 zinali zitatulutsa mizu. Mtima unakhala pansi.

Koma dziwani kuti thumbali silinapangidwe poganizira munthu wonga ine. Linapangidwira wokolola mbewu imodzi yambiri, makilogalamu 50 kapena 100. Ine mawere anga ndi mbale ziwiri, nzama ndi ndowa imodzi yaing'ono. Thumba lalikulu lokhala ndi mbewu pang'ono limatsala ndi mpweya wambiri, tizilombo timakhalitsa. Ndiye ndinasoka timatumba tansalu, mtundu uliwonse kakekake, ndi kapepala ka dzina ndi chaka mkati mwake, osati kunja kumene kamafufutika. Tonse ndimatilonga m'thumba limodzi, mipata ndimadzaza ndi chimanga chakudya kuti lidzaze bwino. Zimayenda, kungoti ukatsegula kuti utenge mtundu umodzi walowetsa mpweya kwa yonse. Ndimatsegula kamodzi kokha, nthawi yodzala ikayandikira. Opanga akadapanga matumba aang'ono ambiri, ndikadagula tsiku lomwelo.

Chachiwiri, thumbali siliumitsa mbewu. Chinyezi chimene mwatseka nacho chimakhala momwemo. Chaka chachiwiri ndinafulumira ndi nyemba zoyera kunja kuli mitambo, ndipo ndinazipeza zitachita nkhungu, zitagwirana. Zinandipweteka kwambiri, mwayi wake mnzanga wina anali nazo ndipo anandigawira. Kuchokera pamenepo ndimayesa ndi mchere. Ndimaika njere zodzaza dzanja m'botolo lagalasi louma, ndimathira mchere wouma, ndimatseka n'kukhutchumula, n'kudikira pang'ono. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, mbewu zibwerere padzuwa. Chimanga chimafunika chinyezi chisapitirire 13 peresenti. Akatswiri a mbewu ali ndi lamulo lakale loti chinyezi chikatsika ndi 1 peresenti, moyo wa mbewu umawirikiza kawiri, chimodzimodzi kutentha kukatsika ndi madigiri 5. Choncho thumba langa limakhala m'chipinda chozizira, pathandala, kutali ndi khoma. Makoswe sanalibowolepo, koma ndimaliyang'ana kawirikawiri, chifukwa kabowo kamodzi kokha kamathetsa ntchito yonse.

Ena amandifunsa chimene ndimavutikira ndi timbewu tambirimbiri pamene mbewu za haibulidi zimabereka kwambiri. Haibulidi ndimadzala nanenso, sindidana nayo, koma mukaibwereza chaka chachiwiri siibereka ngati poyamba, muyenera kugulanso. Ndipo munda wa mtundu umodzi umagwa tsiku limodzi. Ku Ireland mu 1845 anthu ambiri ankadalira mbatatesi, makamaka mtundu wa Lumper, chiwawu chitabwera anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda. Ku America mu 1970 matenda a masamba anawononga pafupifupi 15 peresenti ya chimanga chifukwa minda yambiri inali ndi mbewu zofanana chibadwa. M'munda mwanga ndimaziona pang'onopang'ono: mvula ikadula, chimanga chimafota koma mapira ndi nzama zimapirira.

Maiko amasunganso mbewu. Ku Svalbard, m'dziko la Norway, kuli nkhokwe yokumbidwa m'phiri imene inatsegulidwa mu 2008, yozizira madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo muli timapaketi ta mbewu toposa 1 miliyoni. Mu 2015 bungwe la ICARDA, lofufuza za ulimi wa m'madera ouma, linakatengako mbewu zake nkhondo itasokoneza nkhokwe yawo ku Aleppo m'dziko la Syria, n'kuzidzalanso ku Lebanon ndi ku Morocco. Zimenezi zimandilimbitsa mtima, komabe khobwe wa agogo uja palibe anabwera kudzamutenga kuti akamusunge kumeneko. Anali m'chitini changa chokha.

Thumba limodzi landikhalira zaka zitatu, lachiwiri pepala lamkati linang'ambika pomangira ndipo ndasandutsa lakunja kukhala saka wamba. Ndigulanso awiri chaka chino. Limodzi likhala kwa ine, linalo ndikalisiya kwa mchemwali wanga muli mitundu yonse 11, mtundu uliwonse theka.