Sikelo pa kachipatala kapulayiveti pa Dedza boma

Ine ndili ndi zaka 43, mimba yachisanu, nde ndinayamba sikelo pa kachipatala kena kapulayiveti pa boma pompa. Anesi ake aulemu zedi, osati achemwali anga amene amangondinena kuti mukufuna kubereka limodzi ndi ana anu. Anandiuza mosabisa kuti ukadutsa zaka 35 BP ndi shuga sizichedwa kukwera, chiopsezo choti mwana abadwe ndi Down syndrome, vuto lobadwa nalo lomwe limachedwetsa kukula ndi kuphunzira kwa mwana, chimakulanso, nde BP amandiyeza ulendo uliwonse, yanga inafika 150/95 anandipatsa mankhwala pompo. Koma mtengo wa sikani eeh ndi wobaya, komanso kuzizira kwa Dedza uku umangokhala panja pabenchi mpaka 9 koloko. Pochira akuti ndipite chipatala chachikulu poti kuli fiyeta, opaleshoni itafunika.