Misozi ya amayi: madola 700 anasanduka 1,460

Amayi anatha zaka ziwiri diso lakumanzere likungokha misozi, m'mawa manthongo, pambali pa mphuno potupa. Ku Ntcheu ena ankati ndi utsi wa kukhitchini, ena ankati alodzedwa. Abale anati, "Achimwene, inu muli ku Harare, atengeni." Ngati kuti kuno ku Mufakose madola timachita kutola pansi.

Matenda ake si odabwitsa. Pali kanjira kamene kamatsitsa misozi kuchoka m'diso kulowa m'mphuno, n'chifukwa chake munthu akalira mamina amachuluka. Kakatsekeka, misozi imasefukira patsaya. Dokotala anathira madzi pakabowo ka pachikope, madziwo anabwerera, basi nkhani yadziwika. Opaleshoni yake amaitcha DCR: amalowetsa kakamera m'mphuno, kuboola kafupa, kutsegula njira yatsopano. Pankhope sacheka, chipsera palibe. Pamenepo sindinganame, ntchito anaigwira, amayi pano diso lauma.

Chandiwawa ndi dobadoba amene ndinamupeza pa WhatsApp. Anati madola 700, "zonse zonse, m'bale wanga", iye ndimupatse 50. Amayi atadutsa kale Mwanza, Tete mpaka Nyamapanda m'pamene ndinamva kuti 700 ija ndi ya dzanja la dokotala lokha. Wogonetsa anafuna 250 yake. Chipinda cha opaleshoni ndi bedi 320. Sikani 140. Zonse, kuphatikiza 50 ya dobadoba ija, 1,460, ndipo ndalama ya kuno ku Zimbabwe ya ZiG achipatala ankachita kuiyang'ana m'mbali. Ndikamuimbira dobadoba uja, foni yongolira. Ukawabweza bwanji amayi ako atafika kale?

Amene anandichitira chilungamo ndi namwino wina wachikulire, makolo ake anachokera kwathu konko. Atamva tikulankhula Chichewa anandikokera pambali. "Mwana wanga, akuuza za kachubu?" Sanandiuze. Amasiya kachubu kofewa m'kanjira katsopanoko kuti kasatsekekenso, amadzakachotsa pakapita milungu kapena miyezi. Anati kuchotsako n'kwa mphindi zochepa, wodwala ali maso, ndisalole kulipiranso chipinda cha opaleshoni. Anandikakamiza kuti dokotala alembe zimenezi papepala. Nditamupatsa ya fanta anakana.

Tsono inu amene mukuganiza kuti chilichonse cha kunja n'chabwino, tamverani. Diso lotuluka misozi silitanthauza opaleshoni nthawi zonse. Kwina ndi chikope chatembenuka, kwina ndi kuuma kwa diso komwe. Yambani mwapita kuchipatala cha maso ku Queens ku Blantyre, ku Kamuzu Central kapena ku Nkhoma akakuyezeni. Musagulitse mbuzi chifukwa cha mawu a pafoni. Mtengo ukhale wolembedwa, wa dokotala, wa wogonetsa, wa bedi, wa kuchotsa kachubu, musanakwere basi.

Amayi akadali kuno, kachubu sikanachoke. Anawaletsa kupenga mamina milungu iwiri yoyamba, ndipo tsiku lililonse akufunsa za munda wawo. Ine lendi ya mwezi uno sindinalipire.