AM4, Intel kapena AM5: ma rand anu muponye pati pokweza kompyuta yoeditira mavidiyo kuno ku Joni

Abale anga ojambula maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo uko ku Rosettenville, Turffontein mpaka Diepsloot, funso lomwe limazungulira pakati pathu ndi lija loti purosesa yamphamvu ndi iti, Intel kapena Ryzen. Ine ndimayamba ndafunsa kaye kuti mukujambulira kamera yanji, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo, ndipo anthu awiri a ndalama zofanana atha kufunika makompyuta osiyana kotheratu.

Makamera ngati Sony A7 III ndi A6400 amatulutsa 8-bit 4:2:0 (manambalawa akunena kuchuluka kwa makala omwe fayilo yasunga), mafoni ambirinso ndi 4:2:0, ndiye mafayilo amenewa khadi la graphics lililonse la zaka zino limawatafuna popanda kudandaula. Vuto limayamba mukakwera udindo nkugula A7 IV, A7S III, FX3 kapena Canon R6, mwayatsa 10-bit 4:2:2 kuti makala azituluka bwino, diresi ya mkwatibwi isaoneke ngati yapserera. Makhadi a NVIDIA a RTX 30 ndi RTX 40 samasula 4:2:2, katundu yense amagwera purosesa, ndiye timeline ikungodumphadumpha, mawu akutsogola milomo ikutsalira, inu mukutukwana kompyuta yoti munaigula modula. Dziwani kaye mbali yomwe muli musanatulutse ndalama.

Njira yotchipa kuposa zonse ndi kukhalabe pa AM4, socket yakale ya Ryzen, kutanthauza malo osomekapo purosesa pa bodi. Ambiri mwa ife tili ndi Ryzen 5 2600 kapena 3600 pa bodi ya B450, ndipo bodi yomweyo ikalandira BIOS yatsopano, ka pulogalamu ka mkati mwa bodi koyendetsa zida, imavomera Ryzen 7 5700X ya ma core 8 kapena Ryzen 9 5900X ya ma core 12. RAM yanu ya DDR4 ikhala yomweyo, mungoonjezera ifike 32GB, basi kompyuta yasanduka ina. BIOS muikweze purosesa yakale ikadali pamalo pake, mukayamba mwaichotsa muona sikirini yakuda basi, ndipo musachite zimenezi masana kunja kukugunda. Pakati pa ziwirizi ine ndimakonda 5700X ngati bodi ndi yotchipa, ndi ya 65W, siivutitsa bodi. 5900X ndi ya 105W ndipo pa mabodi ena ang'onoang'ono opanda zitsulo zoziziritsa pafupi ndi socket, render, ntchito yotulutsa vidiyo yomaliza ija, ikatalika bodi imatentha nkuyamba kuibweza liwiro purosesa, ma core 12 munalipira aja osawadyerera. Choipa cha AM4 nchakuti msewu wathera pomwepo, ndipo 4:2:2 muzidalira ma proxy, makope opepuka a mafayilo anu oeditira. Ma proxy si manyazi ayi, mumawasiya akupangika usiku mmawa nkumaedita mosalala, koma ngati kasitomala akufuna kavidiyo kachidule usiku womwewo wa ukwati kuti aponye pa WhatsApp kumudzi aone, nthawi imeneyo simukhala nayo.

Intel ndiye apa imawina, ndipo chifukwa chake si ma GHz. Mkati mwa purosesa muli ka graphics kakang'ono kokhala ndi Quick Sync, ndipo kuyambira 11th gen kameneka kamamasula pakokha 10-bit 4:2:2 ya H.265, imodzi mwa njira zopanikizira vidiyo mu fayilo. Ndiye i5-12600K ya ma core 10 kapena i5-13600K ya ma core 14 itha kuseweretsa mafayilo a R6 bwinobwino pomwe Ryzen yodula kuiposa ikupuma wefuwefu. Koma tcheru pa zilembo. Purosesa yothera ndi F, ngati 12400F kapena 13600KF, ilibe ka graphics kaja, ndipo wogulitsa akuuzani kuti yatsikirako mtengo poti khadi muli nalo kale, zoona kwa osewera magemu, koma kwa ife ndiye mwataya chinthu chomwe munabwerera ku Intel. China, mabodi ambiri akaona khadi la graphics amazimitsa okha ka mkati kaja, muyenera kulowa mu BIOS nkukayatsa, mudzaone Task Manager ikuonetsa ma GPU awiri. A makamera a Sony dziwaninso kuti pa mitundu ya mafayilo anu XAVC HS ndiye H.265, pomwe XAVC S ndi H.264, ndipo H.264 ya 4:2:2 Quick Sync ya mapurosesa amenewa siithandiza.

Ubwino wina wa LGA1700, socket ya Intel ya 12th mpaka 14th gen, ndi woti mabodi ake alipo a DDR4 ndi a DDR5, ndiye mutha kusamuka ndi RAM yanu yakale, zomwe si nkhani yaing'ono poona momwe mitengo ya RAM inakwerera kumapeto kwa 2025. Zoipa zake ziliponso zolemera. i7-13700K ndi 14700K zimakoka mpaka 253W zikapsa mtima, kwa munthu wa mita ya prepaid yogawana ndi a landilodi mukudziwa nkhani zomwe zimatuluka pa mapeto a mwezi. Komanso mu 2024 Intel inavomera kuti mapurosesa a 13th ndi 14th gen amalandira voltage yopitirira nkumafooka pang'onopang'ono, inatulutsa microcode 0x129 kenako 0x12B, zokonza zomwe zimabwera mu BIOS yatsopano, nkuonjezera waranti ndi zaka ziwiri. Microcode imateteza purosesa yomwe ikadali yabwino, yomwe inavulala kale siichira. Nchifukwa chake 13700K yogula kwa munthu pa Facebook Marketplace ine ndimaiopa, simudziwa kuti inadya voltage yanji chaka chonse. 12th gen vutoli siinakhudzidwe, ndiye 12600K ndi yosavuta kuigula pa sekondi handi. Socket nayonso inafika kumapeto, Core Ultra 200S inabwera ndi LGA1851 mu 2024.

AM5, socket ya Ryzen yolowa m'malo mwa AM4, ndi ya munthu amene akuyambira pansi kapena thumba lake lili bwino. Inatuluka mu 2022, imalola DDR5 yokha, ndiye bodi, RAM ndi purosesa zonse zatsopano tsiku limodzi. AMD, kampani yopanga Ryzen, inalonjeza kuisamala socket imeneyi mpaka 2027 kapena kupitirira, kutanthauza kuti lero muika Ryzen 7 7700 kapena 9700X, mawa zikayenda muika ya ma core 12 kapena 16 pa bodi yomweyo. Za X3D zija ngati 7800X3D asiyireni a magemu, pa render ndalama yake siibwerera. Ka graphics ka mkati mwa Ryzen sikathandiza pa 4:2:2, koma zinthu zinasintha mu 2025 pomwe RTX 50 inabwera ikumasula 4:2:2 ya H.265 ndi H.264 yomwe, ndiye AM5 yophatikiza ndi RTX 5060 Ti ya 16GB yatseka dzenje lomwe linkatithamangitsira ku Intel.

Pa khadi ndinene mwachidule, yang'anani VRAM, memory ya pa khadi penipeni. RTX 3060 ya 12GB ndi yakale koma mu pulogalamu yoeditira ya DaVinci Resolve pa 4K nthawi zina imapirira kuposa 4060 ya 8GB, makamaka mukayatsa noise reduction pa zithunzi za mu holo ya mdima zija, Resolve ikangoti GPU memory full ntchito yaima. Premiere, pulogalamu ina yoeditira, imatsamira kwambiri purosesa, Resolve imatsamira khadi. Ndipo Resolve yaulere pa Windows siigwiritsa ntchito mokwanira zomasulira za hardware zomwe ndakambazi, zimafuna Studio ya $295 yolipira kamodzi, muiwerengere mu bajeti musanagule zida zoti pulogalamu yanu siizifikira.

Tsopano overclock, kukankha liwiro kupitirira la ku fakitale, yomwe anyamata amaikonda kuikamba. Pa Intel mufunika purosesa ya K ndi bodi ya Z690 kapena Z790, pa AMD bodi ya B kapena X ikwana, ya A ngati A520 ayi. Koma tawerengani nokha. Mwakankha purosesa kuchoka pa 4.6 kufika 4.8GHz, kumeneko ndi pafupifupi 4%, pa render ya ola limodzi mwapulumutsa mphindi ziwiri ndi theka zinthu zikayenda bwino kwambiri. Tsiku lomwe idzazime pa 92% pa vidiyo ya ukwati ya maola atatu, aphungu a banja akuimba foni kuti basi yopita ku Blantyre inyamuka mawa mmawa ndipo flash ikuyenera kukwera nawo, mphindi zonse munapulumutsa chaka chimenecho zapita. Mapurosesa a masiku ano amadzikweza okha mpaka pafupi ndi malire, si ngati nthawi ya purosesa yakale ya Intel ya 2500K ija.

Ndipo Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, fani imazungulira chimodzimodzi koma kutentha komwe ikuchotsa nkochepa kusiyana ndi ku Durban kapena Cape Town. Onjezerani ka backroom ka malata mu December, zenera limodzi, kompyuta yapanikizidwa pakati pa bedi ndi wadirobu. Ma setting omwe munawakopera kwa munthu wa pa YouTube wokhala mu chipinda cha aircon ku Ulaya kuno sagwira chimodzimodzi.

Overclock yoti aliyense achite ndi ya RAM. DDR5 mukangoisomeka imayenda pa 4800, DDR4 pa 2133 kapena 2400, ngakhale pa bokosi alemba 6000 kapena 3600, mpaka mutayatsa mu BIOS setting ya liwiro la RAM, XMP pa Intel kapena EXPO pa AM5. Makompyuta ambiri omwe ndimawatsegulira BIOS ndimapeza chimenechi chili chozima, mwini wake analipira liwiro lomwe sanaligwiritsepo ntchito. Ryzen 5000 imakondwa pa DDR4-3600, Ryzen 7000 ndi 9000 pa DDR5-6000. Gulani timitengo tiwiri tatikulu, 2x16 kapena 2x32, chifukwa tinayi pa DDR5 kawirikawiri timakakamiza liwiro kutsika.

Pa purosesa penipeni, pakati pa kukweza pamanja ma core onse ndi PBO yokhala ndi Curve Optimizer, ma setting a Ryzen mu BIOS olola purosesa kudzikweza yokha, ine ndili ku PBO. Apa simukuonjezera voltage, mukuichepetsa, purosesa ikazizira imadzikweza yokha nkukhalitsa pamwamba. Yambani ndi negative 10, yesani, pitani 15, ena amafika 20 kapena kupitirira koma purosesa iliyonse ili ndi khalidwe lake, ya mnzanu ikalola 25 yanu itha kukana pa 15. Chodabwitsa chake, mukapitirira muyeso siigwa pa render ayi, imadzizimitsa mwangokhala mukutsegula Chrome. Ryzen 7000 kuiona pa 95°C musathamange mtima, inapangidwa kuti izifika pamenepo, koma 7900X ya 170W mukaiika pa Eco Mode ya 105W liwiro lomwe mutaye ndi lochepa ndipo fani imasiya kulira ngati chigayo cha dizilo pomwe mukufuna kumva mawu a abusa. Pa Intel 13th ndi 14th gen musakwezenso kalikonse, ikani BIOS yatsopano, sankhani Intel Default Settings, mukafuna tsitsani ma power limit. Dziwaninso kuti AMD imati PBO ili kunja kwa waranti. Poyesa, HWiNFO yoonetsa kutentha ikhale yotsegula, Cinebench yopanikiza purosesa kwa theka la ola, MemTest86 yoyesa RAM usiku wonse, kenako rendani project yanu yaitali kuposa onse, mayeso enieni ndi amenewo.

Ndalama yomwe mukanagulira bodi ya Z ndi cooler ya madzi, ikani pa power supply yodziwika dzina ndi UPS, batire logwirizira kompyuta magetsi akazima. Amene tinaona load shedding ya 2023 tikudziwa momwe magetsi amabwerera mwaukali, ndipo mphenzi za kuno kuyambira October mpaka March sizisewera. Ka UPS ka 650VA kamapereka ma watt pafupifupi 360 basi, kompyuta ili pakati pa render kangolira kamodzi nkuzima nayo limodzi, ndiye werengani ma watt osati VA.

Chigamulo changa ndi ichi. Wa 8-bit wokhala kale ndi B450 kapena B550, 5700X ndi 32GB, yotsalayo ipite ku khadi ndi NVMe, chosungira mafayilo chothamanga. Wa H.265 4:2:2 wa bajeti yothina, 12600K pa bodi ya DDR4. Woyambira pansi, AM5 ndi RTX 50. Zatsopano za mu shopu ngati Evetech ku Centurion kapena Wootware zili ndi waranti, komanso lamulo la Consumer Protection Act limakupatsani miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu wowonongeka, koma wogula kwa munthu wamba alibe chitetezo chimenechi. Mukakumana naye wogulitsayo aiyatse muone ikugwira ntchito, pa AM4 yang'anani timapini pansi pa purosesa, pa AM5 ndi LGA1700 timapini tili mu socket ya bodi, walitsani tochi ya foni chammbali muone ngati palibe kopindika.

Ndipo amene mukumanga kompyutayi kuti mukatsegulire studio ku Lilongwe kapena Mzuzu, musanaikweze basi pa Park Station chotsani khadi la graphics ndi cooler yaikulu ija, muzikulunge pazokha nkuzisunga mu chikwama cha pamiyendo. Zikatsala zili zomangirira, mabampu a msewu wa Tete amathyola slot ya bodi.