Chimbale cha =1 cha Deep Purple, patatha miyezi isanu ndi itatu

Nditangogula chimbale cha =1 cha gulu la nyimbo za rock la Deep Purple ndinalemba kuti ndi chabwino koma chikusowa dzanja la Steve Morse, yemwe kale ankaliza gitala m'gululi. Ndinali nditachimvetsera katatu kokha. Kuchokera nthawi imeneyo CD ija yakhala m'galimoto osatulukamo, chikuto chake chayamba kutha m'makona, ndipo zomwe ndinalemba zija sindikugwirizana nazonso. Makutu anga ankafunafuna munthu amene kulibe, osamvetsera amene alipo.

Matenda amenewa okonda Deep Purple tili nawo tonse, chifukwa aliyense ali ndi gulu lake m'mutu. Pomwe Deep Purple inkayamba ku England mu 1968, woimba anali Rod Evans, pa besi Nick Simper, pa gitala Ritchie Blackmore, pa ogani Jon Lord, pa ng'oma Ian Paice. Chaka chotsatira Evans ndi Simper anachotsedwa, m'malo mwawo n'kulowa Ian Gillan ndi Roger Glover. Asanu amenewa, omwe timawatcha Mark II, ndiwo anatulutsa Machine Head ndi Made in Japan mu 1972, ndipo anthu ambiri mtima wawo unatsalira pomwepo. Koma pofika 1973 Gillan ndi Glover anali atachoka, malo awo atatengedwa ndi David Coverdale ndi Glenn Hughes. Blackmore anapita kukayambitsa Rainbow mu 1975, Tommy Bolin anagwira gitala pa chimbale chimodzi chokha, gulu n'kutha mu 1976. Bolin anamwalira kumapeto kwa chaka chomwecho ali ndi zaka 25 zokha.

Mark II inabwererana mu 1984, koma Gillan ndi Blackmore sankamwerana madzi. Blackmore anachokeratu mu 1993, ulendo wa zoimbaimba uli pakati, moti Joe Satriani ndi amene anakamaliza ku Japan. Morse analowa mu 1994 n'kukhala zaka 28, kuposa Blackmore yemwe. Ine ndinakulira pa nyimbo za nthawi yake, n'chifukwa chake atachoka mu 2022 kukasamalira mkazi wake yemwe ankadwala khansa, zinandikhudza ngati wasamuka m'bale.

Wolowa m'malo mwake ndi Simon McBride wa ku Northern Ireland, wobadwa mu 1979, nthawi yomwe gululi linali litatha kale. =1, chomwe chinatuluka mu Julayi 2024, ndi chimbale chake choyamba ndi gululi. Morse ankaimba mosalala, chala chilichonse pamalo pake. McBride amakhadzula zingwe, amalowa msanga n'kutuluka msanga. Poyamba ndinkaona ngati ndi kuperewera. Ndinazindikira kulakwitsa kwanga m'mawa wina ndili pamzere wa magalimoto, mvula ikuwaza, nyimbo ya Portable Door ikulira. Gitala itamaliza gawo lake, ogani ya Don Airey inayankha ndi ukali womwewo, ngati anthu awiri akutsutsana pabwalo koma akumvana. Ndinaibwereza kanayi ndisanafike kuntchito. Kuyankhana kwa gitala ndi ogani kumeneku ndiko kunali mtima wa gululi m'masiku a Lord ndi Blackmore, ndipo pano kwabwerera. Sizodabwitsa: McBride ankaimba kale m'gulu la Airey, amadziwana mayendedwe. Airey nayenso anthu anamukayikira atalowa m'malo mwa Lord mu 2002, lero wadutsa zaka 20 ali pampando womwewo.

Chomwe chakula kwambiri m'makutu mwanga m'miyezi imeneyi ndi ng'oma. Paice ndi yekhayo amene ali pa zimbale zonse 23 zomwe gululi linajambula mu situdiyo kufikira pa =1. Samenya mwa mphamvu chabe. Kamenyedwe kake kamavina, kamasiya mpata woti nyimbo ipume. Mukamvetsera Lazy Sod osalabadira mawu ndi gitala, mudzamva chifukwa chomwe gulu losintha anthu chonchi limamvekabe limodzimodzi.

Zofooka zilipo, ndipo nthawi yazionetsa poyera. Nyimbo 13 zachuluka; ziwiri zapakati ndimazidumpha tsiku lililonse, ndipo sindinazisowepo. Bob Ezrin, amene wakhala akujambula gululi kuyambira 2013, amayeretsa mawu mopitirira muyeso mwina ndi mwina, ndipo m'masipika a galimoto besi ya Glover imamira. Pa mahedifoni ndi pomwe imamveka bwino. Gillan, wobadwa mu 1945, sangakuwenso ngati kale, ndipo sayesa n'komwe. Izi zinkandiwawa poyamba. Tsopano nyimbo yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndi I'll Catch You, yapang'onopang'ono, momwe mawu ake okalamba akunena zinthu zomwe mnyamata wa 1972 sakanatha kuzinena.

Kwa amene sanamvepo Deep Purple, yambani ndi Made in Japan. Kwa amene munasiya kutsatira Blackmore kapena Morse atachoka, chimbalechi chipatseni mwezi wathunthu musanachiweruze. Ine chandibwezera kumbuyo: sabata yatha ndaitanitsa Come Taste the Band, chimbale cha Bolin cha 1975 chija, chomwe ndakhala ndikuchikana zaka zonsezi chifukwa choti mulibe Blackmore.