Pansi sitolo, pamwamba mafulati: ndemanga pa akatswiri oyendetsa chilolezo ku Limbe

Ntchito yomwe tikuiwunika ndi ya kampani yaing'ono ya akatswiri a mapulani, ija imakuyenderani mapepala onse mukafuna kuti nyumba ya malonda pakati pa tauni muzigonanso anthu. Nyumba yake ndi yosanja kamodzi ku Limbe: pansi masitolo awiri ndi kalesitilanti, pamwamba panali posungira katundu, pano pali mafulati atatu. Akatswiriwa tawapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Pa mapepala ndi akadaulo, koma pa mapaipi, utsi ndi phokoso anagona.

Sanathamangire kujambula, anayamba kuwerenga lizi. Ambiri amapunthwa pomwepa. Lizi ya poloti imatchula ntchito ya malowo, ndipo ngati inalembedwa kuti ndi a malonda okha, chilolezo cha khonsolo sichifufuta mawu amenewo. Muyenera kupemphanso kwa amene anapereka lizi, amene kawirikawiri ndi boma kudzera ku Unduna wa za Malo. Atatero anakaona pulani ya mzinda kuti polotiyo ili m'chigawo chanji. Pansi pa Physical Planning Act ya 2016, yomwe inalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, kusintha ntchito ya nyumba kumafuna chilolezo ngakhale simunaikepo njerwa ndi imodzi yomwe. Wina anena kuti ku Limbe eni masitolo akhala akugona pamwamba pa masitolo awo kuyambira makedzana. Nzoona, koma chilolezo cha mnansi chimathera pa khoma lake.

Failo anaikonza yodzaza: kopi ya lizi, umboni woti msonkho wa khonsolo pa nyumbayo ulibe ngongole, pulani ya poloti yoonetsa malire, poimika magalimoto ndi potaya zinyalala, mapulani a mmene nyumba ilili ndi a mmene idzakhalire, ndiponso lipoti la injiniya pa silabu ndi zipilala. Failo yotere imadutsa kwa a mapulani, mainjiniya, a zaumoyo ndi ozimitsa moto isanafike ku komiti yovomereza mapulani. Komitiyo sikhala tsiku lililonse, choncho pepala limodzi likasowa mumadikira mkumano wina. Anafotokozanso bwino kuti pali zinthu ziwiri zosiyana, kuvomereza kusintha ntchito ya nyumba (change of use) ndi kudinda mapulani omangira. Kukhala ndi chimodzi sikukhala ndi chinzake.

Pa makomo ndi moto sitikuwapezera chifukwa. Alendi, anthu ochita lendi, okhala pamwamba ali ndi khomo lawolawo lotulukira kunja, osadutsa m'sitolo. Masitepe ndi otambalala mita 1.1, atsekeredwa ndi khoma la mabuloko lofika mpaka ku silabu, ndipo chitseko chapansi nchosagwira moto msanga, chodzitseka chokha. Moto wa nyumba zotere umakonda kuyambira pansi usiku, sitolo ili yokiya, ndipo utsi ndi umene umayamba kukwera masitepe. Fulati iliyonse anaipatsa zenera limodzi lomwe zitsulo zake zimatseguka ndi kiyi kuchokera mkati. Anakananso kupanga mafulati anayi. Nyumba zambiri za m'misewu ya malonda nzogundizana mbali zonse ziwiri, kuwala kumangolowera kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye fulati yachinayi ikanakhala ndi chipinda chogona chopanda zenera. Mlingo womwe anatsata ndi woti zenera likhale gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa chipinda, theka lake lotseguka.

Tsopano pomwe nyenyezi ziwiri zinathothokera.

Thanki ya malita 5,000 anaijambula padenga ngati kabokosi chabe, osaitumiza kwa injiniya. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, kutanthauza matani 5 pa kamalo kosakwana mamita awiri mbali zonse. Inayenera kusamutsidwa nkuikidwa pa nsanja yachitsulo kuseri, pa mtengo womwe sunali mu bajeti.

Zimbudzi ndiye vuto lenileni. Anaziika motalikirana, chilichonse pomwe chipinda chimaoneka bwino papepala. Chimbudzi chilichonse chimafuna paipi ya mamilimita 110 kuboola silabu, ndipo pansi pa silabuyo pali katundu wa munthu wina. Paipi yonyamula zoipa imafuna kutsetsereka pafupifupi sentimita imodzi pa masentimita 40 aliwonse. Ikayenda mamita 6 pansi pa silabu yatsika kale masentimita 15, kuphatikiza kukula kwake komwe ndi mabendi, siling'i ya sitolo yadyeka. Pulambala akafuna kupulumutsa siling'i amaigoneka paipiyo, ndiye imatsekeka. Mfundo imodzi ya paipi ikadontha, imadonthera pa nsalu ndi matumba a shuga. Chofunika chinali kundandika mabafa, zimbudzi ndi makhitchini onse kukhoma lakumbuyo, paipi nkutsika kunja kwa khoma, ili ndi potsegulira pa bendi iliyonse ndi paipi yotulutsa mpweya yopitirira denga. Mapulani sananenenso kabooledwe ka silabu. Mmisiri mukamusiya yekha amatenga chizulo ndi hamala yaikulu, akakumana ndi chitsulo amachidula. Pamafunika makina oboolera mozungulira, pamalo omwe injiniya walemba ndi choko.

Kalesitilanti kaja anakaiwala ngati kulibe. Fani yake imatulutsira utsi wa tchipisi kukhoma lakumbuyo, pansi penipeni pa zenera la chipinda chogona. Chumuni chiyenera kukwera kupitirira denga. Panalibenso kabokosi kotchera mafuta pa paipi ya sinki. Mafuta akazizira amaundana m'paipi yomwe mafulati akugwiritsanso ntchito, ndipo suweji ikabwerera imatulukira potsikitsitsa, ndiko kuti pansi pa sitolo. Masilinda a gasi nawo analibe malo papulani, ndipo malo opanda mwini m'nyumba zotere amakhala kunsi kwa masitepe, pomwe gasi sayenera kukhala nkomwe. Amafunika kakhola kachitsulo kunja, kopita mphepo.

Za mamita a magetsi ndi madzi anazitchula mochedwa. Fulati iliyonse ndi sitolo iliyonse ikhale ndi mita yakeyake ya ESCOM ndi ya Blantyre Water Board, ndipo mapaipi a waya aikidwe pulasitala asanamatidwe. Mita imodzi ya lesitilanti ndi mabanja atatu ndi mkangano wa mwezi ndi mwezi. Pa phokoso sananenepo kanthu. Jenereta ikhale pa mphira, kutali ndi khoma la zipinda zogona, ndipo m'mgwirizano wa alendi apansi mulembedwe malonda oletsedwa ndi ola lotsekera. Sitolo ya zovala lero ikhoza kusanduka bala mawa mlendi akasintha. A inshuwalansi nawo auzidwe kuti pamwamba pakugona anthu, apo ayi tsiku la ngozi adzakuwerengerani pepala lomwe limati posungira katundu.

Mtengo wawo umathera pa chidindo. Kuyendera ntchito ikamamangidwa ndi kukatenga satifiketi yololeza anthu kulowa m'nyumba amalipiritsa padera, ndipo izi zili m'mizere ing'onoing'ono ya kalata yawo. Amene mukufuna kuwalemba ntchito, alembeni, koma muonjezere mfundo zitatu mumgwirizano: pulani yapadera ya mapaipi a madzi ndi suweji yosainidwa ndi injiniya, maulendo osachepera atatu oyendera ntchito, woyamba pa tsiku loboola silabu, ndi kuti gawo lomaliza la malipiro lidzaperekedwe satifiketi ija itatuluka.