Miyezi isanu ndi iwiri ndikugwiritsa ntchito Zapier pa maoda ndi ngongole

Timagulitsa chakudya cha nkhuku ku Lilongwe, ndipo makasitomala athu ambiri ndi alimi a nkhuku zanyama omwe amatenga matumba pa ngongole n'kudzalipira akagulitsa nkhuku pakatha masabata asanu ndi limodzi. Kwa zaka zambiri, amene ankadziwa kuti uyu apatsidwe, uyu ayambe wadikira, anali mayi mmodzi wa ku akaunti. Iwo akadwala kapena akapita kumaliro, galimoto inkangoima pageti, dalaivala akuimba foni uku ndi uku. Zimenezi n'zimene zinandichititsa kufufuza pulogalamu yoti izitsatira yokha malamulo athu, ndipo ndinasankha Zapier, ya kampani ya ku America yomwe inayamba mu 2011.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Mumapanga chomwe iwo amati Zap. Poyamba pamakhala trigger, chinthu chimene chikachitika ntchito iyambe, kenako action, zomwe pulogalamuyo ichite. Kwathu, wogulitsa akalemba oda pa fomu ya pa intaneti ya Google Forms, imalowa mu tebulo la Google Sheets, ndipo uthenga umapita pa Gmail kwa wosunga katundu. Zap yoyamba ndinaipanga masana amodzi, ine wosadziwa kulemba code ngakhale mzere umodzi. Pulani yaulere imalola ma task 100 pamwezi (task ndi action imodzi imene yatheka) ndi Zap ya masitepe awiri okha. Ndi yokwanira kuyeserapo, koma malamulo enieni a bizinesi amafuna Filter (yomwe imaimitsa Zap ngati oda sikugwirizana ndi lamulo lomwe mwaika) ndi Paths, zomwe zili mu pulani yolipira.

Ntchito yaikulu inali pa Paths, ndipo sinali ya pakompyuta. Paths imagawa njira: zikakhala chonchi pita uku, zikakhala mwina pita uko. Ndiye muyenera kuiuza ndendende kuti "chonchi" n'chiyani. Ndinakhala pansi ndi mayi aja, kope lili pamwendo, n'kuwafunsa kuti, "Mayi, kodi munthu mumamukaniza ngongole zikatani?" Anandiyankha kuti, "Zimangooneka, bambo." Tinakambirana masiku atatu. Pang'onopang'ono zinatuluka: amene ngongole yake yadutsa masiku 45 asatenge katundu wina, oda yoposa K500,000 idikire abwana, kasitomala watsopano alipire kashi maulendo atatu oyamba. Panali lamulo lina lomwe palibe ankalitchula, lakuti mlimi amene nkhuku zake zafa ndi chitopa timamupatsa nthawi yowonjezera. Limenelo tinagwirizana kuti likhalebe m'manja mwa munthu. Zap ikaona bokosi la "matenda" lachongedwa, imangotumiza nkhaniyo kwa mayiwo kuti aweruze okha. Zapier ndimaikonda chifukwa cha chimenechi, simakukakamizani kupereka zonse kwa makina.

Tinapunthwapo kamodzi, ndipo oyamba kumene achenjere pamenepa. Sabata yachiwiri, oda yaikulu inadutsa abwana osadziwa. Nditatsegula Zap History, pomwe pamaoneka ulendo uliwonse umene Zap yayenda ndi zomwe inalandira, ndinapeza kuti wogulitsa analemba "K620,000", ndi K komanso kachizindikiro ka koma (,) pakati pa manambala, pomwe lamulo langa linkayembekezera nambala yokhayokha. Fomu yathu ndi imene inkalola munthu kulemba mmene wafunira. Ndinaikonza kuti bokosi la ndalama lizilandira manambala okha, ndipo vutolo silinabwererenso. Chomwe chinandikhazika mtima pansi n'chakuti ndinaona ndi maso pomwe zinakhotera, popanda kuloza wina chala. Kuyambira pamenepo lamulo lililonse latsopano ndimaliyesa ndi maoda ongoyerekeza asanu kapena asanu ndi limodzi, kuphatikizapo olembedwa molakwika dala, ndisanaliyatse.

Popeza zonse zimachitikira pa intaneti, magetsi akazima ku ofesi Zap imagwirabe ntchito. Wogulitsa ali ku Mitundu amalemba oda pafoni, wosunga katundu n'kulandira uthenga pafoni yakenso. Bandulo yokha ndiyo isathe.

Pa ndalama, werengerani bwino musanalowe. Action iliyonse imene yatheka imawerengedwa ngati task imodzi, choncho oda imodzi yokhudza Sheets, Gmail ya wosunga katundu ndi Gmail ya abwana imadya ma task angapo. Ubwino wake Filter ndi Paths siziwerengedwa, ndiye ndi nzeru kuika Filter koyambirira kuti maoda osafunika aimire pompo. Malipiro a Zapier timachita m'madola kudzera pa khadi, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kuno, muyambe mwafunsa ku banki kwanu ngati khadi lanu lingadutse mwezi ndi mwezi. Mnzanga wina amagwiritsa ntchito pulogalamu ina yofanana nayo yotchedwa Make, yomwe kale inkatchedwa Integromat, ndipo ndi bwino kuyerekeza ziwirizi molingana ndi kuchuluka kwa maoda anu. Dziwaninso kuti zonse m'katimo zili m'Chingerezi. Mauthenga opita kwa antchito ndi makasitomala okha ndi amene ndinalemba m'Chichewa, ndipo amafika bwinobwino.

Kodi ndingailimbikitse kwa ena? Inde, makamaka kwa amene ali ndi ntchito yobwerezabwereza tsiku ndi tsiku, yomwe imaima munthu mmodzi akachoka. Ngati maoda anu ndi ochepa ndipo nonse mumakhala m'chipinda chimodzi, kope likukwanirani. Kwa ife, mayi a ku akaunti anapita kutchuthi milungu iwiri mwezi wathawu, galimoto n'kumatuluka m'mawa uliwonse nthawi yake. Chomwe chatsala ndi ndalama zomwe alimi amatumiza pafoni. Zimenezo tikulowetsabe pamanja mu Sheets madzulo aliwonse, ndipo ndi ntchito imene ndikufuna kuiyamba tikamaliza kuwerenga katundu kumapeto kwa mwezi uno.