Ndinapita kokafulashitsa foni, ndinabwerako osafulasha

Anzanga a muno mu Mzuzu amene mumadalira hotspot ya pa foni, ndati ndikuuzeni za kashopu kena ka mafoni kali chakufupi ndi msika wa Taifa, mzere uja amagulitsa matchaja ndi makava. Kulibe chikwangwani chenicheni, ndi kakauntala chabe kagalasi kodzaza ndi mafoni akufa komanso sipika yomwe simapuma.

Ine ndimakhala ku Chibavi, ntchito yanga ndi kutayipira anthu ma CV ndi ma assignment, ambiri ndi ana a ku Mzuni, ndiye intaneti yanga yonse ndi ka Tecno kanga basi, ndikayatsa hotspot laputopu imakoka pamenepo. Mwezi wathawu bandulo ya sabata inayamba kutha masiku awiri, ine osadziwa kuti ikupita kuti. Mwana wa achemwali anga anati anti bweretsani ndikukonzereni, anadinadina zake, kuchokera tsiku limenelo hotspot olo kuyaka, batani lake lotuwa ngati lafa. Komwe ndinayamba kupita anangoyang'ana kamodzi n'kuti iyi ndi yofulasha, K15,000, ndipo zithunzi ndi ma fayilo onse zipita. Ndinatuluka mtima uli m'mwamba chifukwa mmenemo muli ntchito za anthu.

Ku kashopu aka ndinangolowa kuti ndifunse ngati kufulasha kuli kotchipako. Mnyamata wake anatenga foni, sipanathe ndi mphindi ziwiri, akuti "asisi, ndani anakuyatsirani Data Saver?" Kani pa Android ukayatsa Data Saver, kabatani kochepetsa kudya kwa data, foni imakaniratu hotspot, sizimayendera limodzi. Anazimitsa, batani linadzuka pompo. Ndinachita kuseka ndekha, K15,000 ija ikanapita chifukwa cha kabatani kamodzi.

Koma sanalekere pomwepo, anafunsa kuti laputopu yanu ndi ya liti, ndinati yakale ndithu, ya kaunjika. Analowa m'masetingi a hotspot n'kupeza kuti mwana uja anasinthanso band, mafunde amene hotspot imaulutsirapo, kuika pa 5 GHz poganiza kuti nambala yayikulu ndiye liwiro. Liwiro lilipodi pa 5, koma malaputopu ambiri akale amangoona 2.4 GHz, komanso 2.4 ndi imene imafika patali ndi kudutsa khoma bwinoko. Anabweza pa 2.4. Anandionetsanso pena pomwe foni imazimitsa yokha hotspot ikakhala kanthawi popanda cholumikizidwa, ndiye chifukwa chake ndikapita kukaphika laputopu n'kugona, pobwera ndimapeza zaduka.

Tsono nkhani ya bandulo, apa ndiye ndinachita manyazi. Anandifunsa pasiwedi ya hotspot, ndinati 12345678, anangondiyang'ana osalankhula. Anati mukafika kunyumba muyatse ndipo muone pa connected devices kuti pali angati. Abale, panali mafoni atatu osakhala anga. Nyumba zathu za lendi zija khoma ndi limodzi, ndiye anthu ankangodya nawo ngati nsima ya pamaliro. Ndinasintha pasiwedi n'kuika malire kuti pazilowa chinthu chimodzi chokha.

Mawa lake ndinakwera sacramento, kabaza wa kuno, kubwereranso ndi laputopu chifukwa anati wakuba wamkulu mwina ali mmenemo. Kunali kamvula kowaza kaja ka kuno kosadziwika ngati kakugwa kapena ayi, laputopu ndinaikulunga mu jumbo. Kufotokoza kwake kunandigwira mtima: laputopu ikaona hotspot imayesa ndi Wi-Fi yaulere ya mu ofesi, ndiye Windows imayamba kudaunilodi ma update ake mwakachetechete iwe uli kalikiliki kutayipa. Anadina pa netiweki ya foni yanga n'kuyatsa metered connection, kuti kompyuta idziwe kuti data iyi ndi yogula. Anati chimodzimodzinso foni ya mnzako ikalowa pa hotspot yako, Play Store ndi WhatsApp zimatha kuyamba kukoka ma update ndi mavidiyo chifukwa zambiri zinaikidwa kuti zizidaunilodi pa Wi-Fi. Zimenezi palibe anandiuzapo zaka zonsezi.

Ndinamufunsa zoti ndikhome foni pa 4G yokha monga amanenera anthu, anakana, akuti isiyeni izisankha yokha pakati pa 4G, 3G ndi 2G chifukwa mafoni ena ukawakhoma pa 4G anthu amakusowa akamaimba. Anangoti muziyiika pawindo, muzichotsa kava ikatentha, ndipo ngati mukugwira ntchito yayitali lumikizani ndi chingwe muyatse USB tethering, siidukaduka komanso foni imatchaja konko. Ichi ndi chimene ndikugwiritsa ntchito tsopano, bola chingwe chikhale chodutsa data, zina zotchipa zija ndi zotchajira chabe, changa choyamba chinakana.

Zodandaula zilipo, ndisaname. Pamalopo palibe pokhala, tsiku lachiwiri ndinaima pafupifupi ola lathunthu ndi laputopu m'manja uku iye akusintha sikirini ya munthu wina uku akuyankha mafoni. Nyimbo ndiye zophulitsa makutu, umachita kukuwa. Chinanso manja ake ndi achangu kwambiri, ukapanda kunena kuti achimwene dikirani mundionetse, amangodina n'kukubwezera foni osadziwa chomwe wasintha. Ndipo zondifunsa PIN ya foni mokweza anthu ali mbwee pakauntala sizinandisangalatse, muzitsegula nokha n'kumupatsa, komanso musachoke foni ili yotsegula, muja muli mauthenga a ndalama.

Mtengo anati K3,000 masiku onse awiri, sanandikakamize kugula kalikonse ngakhale ma power bank ali pompo pagalasi. Pa 5 ndimupatsa 4, imodziyo ndachotsera kuimirira kuja ndi sipika. Ngati foni yagwa m'madzi kapena yathyoka mkati sindinganene, ine ndayesa za masetingi zokha.

Bandulo ya sabata pano ikumafika Lachisanu kapena Loweruka. Dzana mayi a pa nyumba yoyandikana nayo anandipeza ndikuchapa, akuti "anebala, Wi-Fi ija ya Tecno masiku ano yavuta bwanji, nanunso ikukukanani?" Ndinati eya, ikuvutadi.